Ndimasala kudya koma bambo sakusintha

Azakhali,

Amuna anga amamwa mowa mopyola muyezo. Akalandira malipiro amathera ku mabala a ku Chinamwali, n'kubwera pakati pa usiku, ndipo kutchalitchi adasiya kalekale. Ine ndimasala kudya Lachitatu lililonse, Lachisanu ndimakachezera kuphiri kupemphera ndi anzanga. Ana ndimawasiya ndi mtsikana wa malemu alamu anga, amene wayamba waima sukulu kuti azindithandiza. Nanga bwanji Mulungu sakundiyankha?

Mayi wodandaula, Matawale

Mayi,

Za amuna anuwo sindichedwapo. Bambo womwera ndalama ya ndiwo alibe chodzikanira. Itanani ankhoswe a mbali zonse, mugwirizane kuti ya lendi, ya ufa ndi ya sukulu izichotsedwa tsiku lomwe malipiro alowa. Akakukwezerani dzanja, pitani ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi mwana wamasiyeyo, amene mwangomutchula modutsa. Taganizani za Lachisanu usiku. Inu muli pa phiri la Zomba, mwafunda zitenje ziwiri chifukwa cha kuzizira, mukufuula dzina la Yesu. Kunyumba mwana wa eni ali ndi khanda lanu kumsana, akukupiza moto pa mbaula, maso ali psuu ndi utsi. Bambo woledzera akamagogoda usikuwo, wokatsegula chitseko ndi iyeyo, ali yekhayekha. Zimenezi mudaziganizirapo?

Pemphero ndimalikhulupirira ndi mtima wanga wonse, ndipo kusala kudya sindikutsutsa. Koma funso lanu lomwelo Aisraele adalifunsa kale pa Yesaya 58: tasala kudya, bwanji simukutiona? Mulungu adawayankha kuti tsiku lomwe akusalalo akuzunza antchito awo, ndipo kusala kumene Iye amafuna n'kumasula oponderezedwa, kugawana chakudya ndi anjala, osabisalira abale ako. Yakobo 1:27 nayenso akuyika kusamala ana amasiye patsogolo pa chipembedzo choona. Zimandipweteka kuti amayi ambiri opemphera mwamphamvu, ovala yunifolomu yoyera ya chigwirizano, m'makomo mwawo muli mwana wachibale amene amadzuka 4 koloko kukatunga madzi, amadya mkute ena onse atakhuta, ndipo anzake akamapita ku sukulu iye ali pa mulu wa zochapa. Mulungu amene mukukamufuna pamwamba pa phiriyo amaonanso kukhitchini kwanu. Sindikunena kuti amuna anu akumwa chifukwa cha inu, ayi. Tchimo lawo ndi lawo. Koma ili ndi lanu, ndipo ndi limene mungathe kulikonza sabata ino popanda kudikira wina.

Sukulu ya pulayimale m'dziko muno ndi yaulere kuyambira 1994. Lolemba m'mawa mumutenge mtsikanayo, mukaonane ndi aphunzitsi aakulu kuti abwerere m'kalasi mwake. Ndalama ya kabaza imene mumapitira ku mapemphero mumugulire makope ndi yunifolomu. Anzanu a kuphiri auzeni kuti kwa miyezi ingapo muzipempherera pakhomo, ndipo amene akufuna abwere masana mudzagwade limodzi pabalaza.