Chifukwa chake malire a zaulimi sagwirizana ndi a zamaphunziro

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake kwanu ku Chikwawa alangizi a zaulimi amatumiza malipoti ku Ngabu pomwe nkhani za sukulu za sekondale zimapita ku Blantyre, chonsecho boma lake ndi limodzi. Yankho lake ndi lakuti nthambi iliyonse imadula malire molingana ndi ntchito yake.

Dziko la Malawi lili ndi zigawo zitatu ndi maboma 28, koma a zaulimi analigawa m'zigawo 8 za chitukuko cha ulimi zotchedwa ADD (Agricultural Development Division), poyang'ana kwambiri nyengo, nthaka ndi mbewu zolimidwa. N'chifukwa chake Chikwawa ndi Nsanje ali pamodzi mu Shire Valley ADD, imene likulu lake lili ku Ngabu, pakuti m'chigwa chotentha chija mlimi wa thonje, mapira ndi ng'ombe amafunika malangizo osiyana ndi a mlimi wa ku Thyolo, kumene nkhungu imakuta minda ya tiyi m'mamawa. ADD imagawidwanso m'madera a ulangizi otchedwa EPA (Extension Planning Area), ndipo EPA ili ndi tizigawo tating'ono timene mlangizi mmodzi angathe kuyendera pa njinga.

A zamaphunziro ali ndi zigawo 6, ndipo Chikwawa ili m'chigawo cha South West, chimene likulu lake lili ku Blantyre, pamodzi ndi Blantyre, Mwanza, Neno ndi Nsanje. A zisankho amawerengera makamaka chiwerengero cha ovota, motero madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229 pachisankho cha 2025.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti dera la gogo chalo mmodzi lingadulidwe pakati ndi malire oterewa, ndipo anthu a kumudzi amataya ndalama ya ulendo kupita ku ofesi yosayenera. Choncho musananyamuke, funsani kaye mlangizi kapena mphunzitsi wamkulu kuti nkhani yanu ikaperekedwe kuti.