T-1000 sanali wa kompyuta yekhayekha

Mwafunsa ngati T-1000, loboti yosungunuka ija ya mufilimu ya Terminator 2 ya 1991, inapangidwa yonse pa kompyuta. Ayi achimwene. Zithunzi zake za kompyuta, zopangidwa ndi kampani ya ILM, zimangotenga mphindi pafupifupi 5 mufilimu yonse.

Mabala onyezimira a zipolopolo aja anapanga ndi gulu la Stan Winston, katswiri wopanga zidole za m'mafilimu. Ankaumba mabalawo ndi mphira wofewa, n'kuwakuta ndi chitsulo chopyapyala chowala, n'kuwapinda pachifuwa cha Robert Patrick, yemwe ankasewera ngati T-1000, mkati mwa yunifolomu yodulidwadulidwa kale. Akadina rimoti, sipuling'i imamasuka ndipo bala limatumphuka ngati duwa. Ntchito ya kompyuta inali kulitseka basi.

Kuti a ILM atengere mayendedwe a Patrick, anamulemba mizere yopingasana thupi lonse ali ndi kabudula wamkati yekha, n'kumujambula ndi makamera awiri, kutsogolo ndi m'mbali, akuyenda komanso akuthamanga. Mizereyo ndiyo inkawaonetsa mmene minofu ikusunthira, popeza chitsulo chosalala chikangoyenda mosiyana ndi munthu, diso limazindikira msanga.

Pomwe T-1000 waima ndi munthu amene wamukopera nkhope, James Cameron, wotsogolera filimuyo, anangotenga mapasa enieni. Mlonda wa kuchipatala uja ndi Don ndi Dan Stanton, ndipo kufakitale ya zitsulo Sarah Connor wachiwiri ndi Leslie, mphasa mnzake wa Linda Hamilton, yemwe ankasewera ngati Sarah Connor.

Nanga phokoso lija T-1000 akudutsa pazitsulo za chitseko? Gary Rydstrom, wokonza phokoso la mufilimuyo, anajambula phokoso la chakudya cha agalu chikutuluka pang'onopang'ono m'chitini.