Kwa achemwali a ku Angónia amene mimba yafika masabata 39

Achemwali mwati mimba yanu ndi yoyamba, yafika masabata 39, kwanu ndi kutali ndi chipatala ndipo apongozi akuti mukhale pakhomo mpaka matenda ayambe. Ine ndikuti nyamukani sabata ino ino mukadikirire kuchipatala konko. Zipatala zambiri za boma kuno zili ndi casa de espera, ija anzathu a ku Malawi amati chidikiro, funsani anamwino a kusikelo kwanu ngati ilipo, ngati palibe akuuzani yapafupi kapena pezani mbale wokhala kufupi ndi chipatala mukakhale kumeneko.

Tsiku lochira analemba pa ficha yanu (kadi ya kusikelo) lija ndi longoyerekeza, mwana atha kubwera nthawi ina iliyonse kuyambira masabata 37, ndiye taganizani matenda ayambe pakati pa usiku mvula ili pakatikati, msewu wonse matope, chapa (minibasi) palibe, wa mota foni yake yazima, mudzatani? Kubereka kwenikweniko amayi ambiri amachira bwinobwino inde, apongozi sakunama akamati iwo anachirira pakhomo, koma choopsa ndi magazi. Mayi akayamba kutaya magazi ambiri atachira atha kutisiya m'maola awiri okha, pomwe kuchipatala mwana akangobadwa amakubayani jakisoni wa oxytocin kuti chiberekero chibwerere msanga magazi asiye. Ndipo mwana akagona mopingasa kapena njira ikachepa pamafunika opaleshoni, apo akutumizani ku chipatala chachikulu ngati cha ku Ulongué, zimenezi m'mudzi palibe angazithe.

Apongoziwo musakangane nawo, atengeni akhale okudikirirani, kapena bambo a kunyumba awalankhule okha amayi awo. Koma chimodzi chokha musalole ngakhale atakunyengererani bwanji, mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda aja, mwanamphepo ndi ena otero. Amakoka chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, chiberekero chimatha kung'ambika. Ngati mwamwa kale kanthu musabise, auzeni anamwino.

Chikwama chikhale chomanga lero. Ficha pamwamba penipeni, makapulana oyera ochapa bwino ambiri ndithu chifukwa amatha msanga, tizovala ta mwana ndi kachipewa ndi kabulangete (kumtunda kuno usiku kumazizira, wakhanda sachedwa kuzizidwa), sopo, beseni, ndowa, tochi, neti ya udzudzu. Ku casa de espera konzekerani kudziphikira nokha, tengani ufa, nyemba, mchere, kapoto. Ngati mumamwa ma ARV musawaiwale ndipo musadumphitse ngakhale tsiku lochiralo, mwana nayenso ampatsa mankhwala ake akabadwa. Ndalama ya mayendedwe ina ikhale m'manja, osati yonse mu M-Pesa, netiweki imathawa nthawi yomwe mukuifuna.

Matenda enieni mudzawadziwa, ululu umayambira kumsana kubwera kumimba, umabwera nkupita mwa kanthawi kofanana ndipo umanka nuyandikana nukulirakulira, ngakhale mugone kapena muyende susiya. Kuuma kwa mimba kongobwera nkutha mukapuma ndi kukonzekera chabe. Mwina muona chikazi chosakanikirana ndi timagazi pang'ono, chimenecho si choopsa. Mimba yoyamba imatenga maola ambiri, musayambe kukankha asanakuuzeni anamwino, yendayendani, imwani madzi, kodzani pafupipafupi.

Zomwe simuyenera kudikira kuti kuche ndi izi, magazi kutuluka ngati kumwezi kapena kuposa, mutu kupweteka kwambiri maso nkumaona chimbuuzi, nkhope ndi manja kutupa, kukomoka kapena kugwedezeka thupi, kutentha thupi, mwana kuchepetsa kapena kusiya kusewera m'mimba. Nsupa ikasweka pitaninso pomwepo ngakhale ululu kulibe, ndipo muone mtundu wa madziwo, akakhala obiriwira kapena onunkha mukanene mukangofika. Masabata 41 akakwana muli chete uzani anamwino akupimeni.

Mwana akabadwa amuike pachifuwa panu khungu kukhudzana, ayamwe ola loyamba lisanathe, mkaka woyamba wachikasu uja anthu ena amati ndi woipa musaufinyire pansi, ndiwo umamuteteza ku matenda. Kumusambitsa dikirani maola 24 apite. Pamchombo pasapakidwe phulusa, mafuta ophikira kapena zina za kumudzi, pakani okhawo akupatsani kuchipatala. Musanatuluke funsani za katemera wa BCG ndi wa poliyo, mufunsenso tsiku lobwerera kusikelo inu ndi mwana akulembereni pa kadi.