Musanatenge ngongole ya sukulu ya ndege

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kukongola ndalama kuti mwana wanu aphunzire kuyendetsa ndege, poti mwamva kuti mapayiloti amalandira ndalama zankhaninkhani. Mwadabwanso kuti n'chifukwa chiyani sakhazikika pakampani imodzi. Mafunso anu awiriwa gwero lake ndi limodzi.

Zoti amalandira bwino n'zoona, koma wodyerera ndi kaputeni amene wakalambira pakampani yaikulu. Mu 2023 mapayiloti a kampani ya Delta ku America anagwirizana ndi mabwana awo kuti malipiro akwere ndi 34 peresenti m'zaka zinayi. Nkhani zoterezi ndi zimene zimamveka. Za mwana wongotuluka kumene kusukulu palibe amazikamba.

Ku America ndi ku Ulaya, kuti munthu afike popeza laisensi yoti azilipidwa nayo, zimatha kumudyera ndalama zoyandikira madola 100,000. Akamamaliza amakhala atauluka maola 200 kapena 250 basi. Ndege ya Colgan Air itagwa pafupi ndi Buffalo mu 2009, dziko la America linakhwimitsa lamulo, ndipo ambiri tsopano amafunika maola 1,500 asanakhale pambali pa kaputeni m'ndege yonyamula anthu. Maola otsalawo amawatolera pang'onopang'ono, kuphunzitsa ena m'kandege ka Cessna, kunyamuka ndi kutera pabwalo lomwelo m'mawa mpaka madzulo, malipiro ochepa, uku chiwongoladzanja chikukwera. Akapeza ntchito pamabweranso maphunziro ena otchedwa type rating, a mtundu wa ndege imene aziyendetsa, kaya Boeing 737 kaya Airbus A320. Makampani ena amamuuza kuti adzilipirire yekha, ena amamulipirira n'kumusayinitsa kuti akachoka zaka zogwirizana zisanakwane abweze ndalamazo.

Munthu amene wavutika chonchi, Emirates kapena Qatar Airways ikamuitana ndi malipiro osadulidwa msonkho, mungamunene kuti ndi wadyera? Ine sindingatero. Chimandipweteka n'chakuti makampani ambiri amadalira pepala losayinitsa lija, kuiwala kuti pepala limagwira thupi koma mtima unapita kale. Payiloti amakhazikika akamaona kuti ukaputeni ukubwera, ndandanda ya ntchito ikumulola kugona kunyumba, ndiponso akadandaula za kutopa akumvedwa. Kampani ya ndege ya Ryanair inaziona mu 2017, itaimitsa maulendo masauzande chifukwa chosokoneza tchuthi cha mapayiloti, ndipo mu Disembala chaka chomwecho inavomera kukambirana ndi mabungwe awo, zimene inkakana kuyambira kale.

Palinso mndandanda wa amene anayamba ntchito kale. Pamakampani ambiri aakulu, kukwezedwa ndi kusankha masiku opuma zimatsata tsiku limene munthu analembedwa, ndipo akasamuka amakayambira kumchira. N'chifukwa chake othawathawa ambiri ndi achinyamata. Akuluakulu amangodikira kukwanitsa zaka 65 zakubadwa, malire oyendetsera ndege zonyamula anthu pakati pa mayiko.

Ngati mwana wanu ntchitoyi akuifunadi, musamugwetse ulesi. Koma musanalipire kalikonse, apite kaye akapimidwe kwa dokotala wovomerezeka wa mapayiloti, apeze chiphaso cha Class 1. Vuto la mtima, la maso kapena la shuga likhoza kutseka njira yonse, ndipo ndi bwino lidziwike ngongole isanatengedwe. Akakhoza, mufufuze kaye makampani amene amaphunzitsa okha achinyamata n'kuwalemba ntchito, ndipo pepala lililonse lonena za kubweza ndalama muliwerenge limodzi naye, mzere ndi mzere.