Achemwali amene galimoto ikukuzimirani pachitunda, tamvani

Mwati mayeso a layisensi ayandikira koma galimoto ikumakuzimirani pa hill start, ponyamuka pachitunda paja, ndiye mukuganiza zosintha tsiku, komanso mukaganiza za woyesa atakhala pambali panu miyendo imanjenjemera. Musathamangire kusintha tsiku achemwali, vuto lanulo limatha msanga kuposa mmene mukuganizira.

Kuzimako ndi nkhani ya phazi lamanzere basi. Mukamakweza kilachi pang'onopang'ono pali malo ena pomwe injini imayamba kugwira, kulira kwake kumatsika, galimoto imanjenjemera pang'ono ngati ikufuna kuchoka koma handibuleki yaigwira. Pamenepo phazi liime, lisakwerenso. Onjezerani moto pang'ono ndi phazi lamanja, kenako tsitsani handibuleki, ndipo kilachiyo muimalize kusiya galimoto itayamba kale kuyenda. Ambiri akangomva yagwira amasiya yonse kamodzi chifukwa cha mantha, basi injini zii. Auzeni aphunzitsi anu kuti lesoni imodzi yonse ikhale ya zimenezi zokha, muyambe pamalo a fulati, giya wani, kukweza kilachi mpaka galimoto ikwawe, kupondanso, kukwezanso, mpaka phazi lizolowere lokha, kenako ndiye mupite pachitunda. Ndipo ngati n'kotheka mukayesedwe pagalimoto yomwe mwaphunzirira, chifukwa kilachi ya galimoto iliyonse imagwira pamalo ake.

Ikazima pamayeso musagwire mutu. Buleki, handibuleki, nyutilo, lizani, yang'anani magalasi, nyamukani. Woyesa amaona mmene mwachitira ikazima, chomwe chimamuopsa kwambiri ndi galimoto kubwerera mmbuyo inu mukusakasaka giya.

Koma chimene chimagwetsa anthu ambiri oti kuyendetsa amatha bwinobwino ndi maso. Woyesayo sakufuna kuona ukatswiri ayi, akufuna atsimikize kuti akakusiyani nokha pamsewu simupha munthu. Ndiye kuyang'ana kwanu kuzioneka, musamangoponya diso pagalasi mwakabisira, tembenuzani mutu aone. Musananyamuke, musanakhote, musanasinthe leni, galasi kaye, kenako indiketa, kenako cheukani paphewa chifukwa pali kamalo kena pambali pa galimoto komwe galasi silionetsa, ndipo wanjinga amabisala pomwepo ndendende. Pachikwangwani cha STOP matayala aime ndithu ngakhale msewu uli mbee, zija zongochepetsa liwiro n'kudutsa zimaonedwa ngati simunaime. Galimoto yakutsogolo muziisiyira mpata wa masekondi awiri, kukagwa mvula anayi. Anthu amaderera izi koma pa 50 km pa ola galimoto imayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi yokha, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woti buleki iimitse galimoto umawirikiza kanayi. Komanso musakwawe mopitirira muyeso poganiza kuti ndiye kusamala, kutsekereza anzanu pamsewu wabwinobwino nakonso amakulemberani.

Rivesi chinsinsi chake n'chimodzi, galimoto iziyenda pang'onopang'ono ndi kilachi koma manja pachiwongolero azifulumira. Muziyang'ana kumbuyo kwenikweni osati magalasi okha. Mukaona kuti mwalowa mokhota imani, pitani kutsogolo mukonze, kusiyana n'kukakamira mpaka kugunda koni.

Za zikwangwani sindichulutsa, werengani Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, koma musaloweze chimodzichimodzi, gwirani kaye mashepu. Cha makona atatu chimachenjeza, chozungulira cha mkombero wofiira chimaletsa, chozungulira chabuluu chimalamula, cha makona atatu choyang'ana pansi ndi chopatsa mpata, cha makona 8 ndi STOP. Zinazo zimalowa zokha.

Tsikulo valani nsapato yafulati yopyapyala pansi kuti muziimva kilachi, zazidendene zija zidikire tsiku lokatenga layisensi kkkk. Mukalowa konzani mpando, magalasi, mangani lamba, musafulumire ngakhale woyesa akuoneka wotopa. Mukapanda kumva zomwe wanena funsani abwereze, si mlandu. Akati khotani apa inu mwadutsa kale, pitirirani bwinobwino adzakupatsani njira ina, osakhota mwadzidzidzi. Ndipo mukamuona akulemba musayambe kuwerengera kuti ndalephera, ntchito yake ndi yolemba, ena amasokonezeka pomwepo n'kulakwitsa zenizeni zomwe sakanalakwitsa.

Za kunjenjemerazo, chomwe chimathandiza ndi kuzolowera chete. Nthawi ya lesoni aphunzitsi amakhala akuyankhula, ponda kilachi, sintha giya, ndiye pamayeso mawu aja akasowa mutu umaima. Apempheni kuti malesoni otsalawa azikhala duu ngati woyesa, azingoti khotani kumanzere, imani apa, zolakwika azikuuzani mukafika. Mukatero mubwere mutiuze kuti rivesi ikuvuta mbali iti, yolowa pakati pa magalimoto awiri kapena yolowa m'bokosi, tikuthandizeni pamenepo.