Kodi setilaiti imaona bwanji mtengo wodwala?

Funso: Ndimasamalira minda ku Parkview, Johannesburg. Mwana wanga akuti setilaiti imazindikira mtengo wodwala ili kumwamba komweko. N'zoona? Bambo wa ku Dedza

Yankho: N'zoona bambo. Tsamba lathanzi limameza kuwala kofiira koma limabweza kwambiri kuwala kwa infrared, komwe maso athu saona. Likamafota, kubwezako kumachepa, ndipo setilaiti ngati Sentinel-2, yomwe inaulutsidwa mu 2015, imaona kusinthako.

Chovuta n'chakuti kuwala sikugunda tsamba limodzi. Kumanjanja m'nthambi, kwina kumatayika mumthunzi, kwina kumabwerera kuchokera padothi. N'chifukwa chake akatswiri amamanga nkhalango pakompyuta n'kumayesa dzuwa likakhala mbali zosiyanasiyana. Ine zimandisangalatsa kwambiri mu Okutobala: mitengo ya jakaranda ya ku Johannesburg kwanuko ikachita maluwa, chithunzi cha setilaiti chimasinthiratu ngakhale mitengo ili bwinobwino.