Mwana akasasa mawu atachitidwa opaleshoni ya mtima

Mayi a ku Ngabu, mwafunsa chifukwa chake mwana wanu akulira mosasa mawu ndiponso kutsamwa poyamwa chichitireni opaleshoni ya vuto la mtima lomwe anabadwa nalo. Pepani, zimadetsa nkhawa ndithu.

Mtsempha woyendetsa mawu, makamaka wa kumanzere, umatsika mpaka m'chifuwa nkukhota pafupi ndi mtima, ndiye nthawi zina umakhudzidwa pa opaleshoni. Chubu chopumira chomwe anamuika pakhosi nachonso chimatupitsa njira ya mpweya. Ana ambiri amachira pang'onopang'ono, koma kutsamwako musakupepuse: mkaka ukalowa m'mapapo umayambitsa chibayo.

Muyamwitseni mutamukhazika tsonga, pafupipafupi, makamaka ndi kutentha kwa kuno kuchigwa. Pemphani akutumizeni ku Queen Elizabeth, ku Blantyre, akamuunike pakhosi. Akayamba kulira mluzu popuma, nthiti kulowa mkati, kapena milomo kuda, thamangirani kuchipatala ngakhale usiku.